Ukufuna kafukufuku wa ma supercomputer? Yambira pa makompyuta anayi akale

Kalata yandipeza kuchokera kwa mtsikana wa chaka chachitatu amene akuchita computer science kuno ku Zomba ndipo amakhala ku Chikanda. Akuti: "Ndikufuna kudzachita kafukufuku wa high performance computing, koma supercomputer sindinaionepo ndi maso. Bambo akuti ndikangomaliza ndikafune ntchito ku banki, za masters n'kutaya nthawi. Ine ndikuti ndidikire scholarship ya PhD ku America. Masamu a chaka chachiwiri sanandiyendere bwino. Nditani?"

Mwana wanga, makalata ngati ako ndi ambiri, ndipo onse amagwera pa mawu amodzi omwewo akuti "ndidikire". Ndikuuze mosabisa: palibe pulofesa wa ku America amene angapereke ndalama za PhD kwa munthu wa malikisi ofooka a masamu, amene alibe pulogalamu ngakhale imodzi yoti aonetse. Ukadikira, udzadikira mpaka anzako a ku Chikanda atakwatiwa onse.

Masamuwo ndiwo ntchito yeniyeniyo. Ma supercomputer, makina aakulu owerengera mwachangu kwambiri amene high performance computing imagwiritsa ntchito, tsiku lonse amakhalira kuchulukitsa ma matrix ndi kuthetsa ma differential equation. Ngati linear algebra ndi numerical methods zidakuvuta, tenganso mabuku tchuthi chino, uzichita mafunso khumi tsiku lililonse. Pamenepa palibe njira yachidule.

Zoti sunaione supercomputer zisakudetse nkhawa. Frontier, supercomputer ya ku Oak Ridge ku America, imene mu 2022 idakhala yoyamba kupitirira mawerengero 10^18 (1 wotsatidwa ndi maziro 18) pa sekondi, imadya magetsi oposa megawati 20, pamene Kapichira yonse imatulutsa pafupifupi 130. Makina otere sabwera ku Zomba posachedwa. Komatu ngakhale amene amawagwiritsa ntchito sawakhudza ndi manja. Amalowa ali patali ndi pulogalamu ya ssh, n'kuika ntchito yawo pamzere kudzera mu Slurm, pulogalamu yogawa nthawi ya makina. Ndipo kuyambira Novembala 2017, makina onse 500 a pa TOP500, mndandanda wa ma supercomputer othamanga kwambiri padziko lonse, amayendera Linux, Linux yomweyi imene ungaike pa laputopu yako lero.

Tsono chimene ndikufuna uchite, ndipo chikhale pulojekiti yako ya chaka chachinayi, ndi ichi. Pempha ku dipatimenti makompyuta anayi akale amene angoti mbwee m'sitolo, lililonse la RAM ya 4 GB kapena kuposa. Peza switch ya gigabit ndi zingwe zinayi za Cat6. Ika Ubuntu Server yofanana pa onse. Lililonse ulipatse IP yosasintha, ulembe maina awo mu /etc/hosts. Dzina lolowera ndi nambala yake ya UID zikhale zimodzi pa makina onse, apo ayi mafayilo a pa NFS, njira yogawana mafayilo pakati pa makompyuta, azikukanira kulemba ndipo utaya sabata yathunthu osadziwa chalakwika. Panga makiyi ndi ssh-keygen kuti kompyuta yoyang'anira izilowa mwa anzake osafunsidwa password. Pomaliza ika Open MPI, pulogalamu yothandiza makompyuta kutumizirana deta pogawana ntchito, mtundu umodzi paliponse. Mitundu ikasiyana, kapena firewall ikatseka madoko, mpirun, lamulo loyambitsira ntchito pa makina onse, nthawi zambiri imangoti zii osakuuza kanthu.

Usathamangire kugawa ntchito pa makina onse. Yamba pa kompyuta imodzi. Lemba m'chinenero cha C pulogalamu yochulukitsa ma matrix awiri a 2000 ndi 2000. Matrix iliyonse ya manambala a double itenga 32 MB, ndipo ntchito yonse ndi mawerengero pafupifupi 16 biliyoni. Yesa nthawi yake ma loop ali mu dongosolo la i, j, k. Kenako sintha akhale i, k, j, uyesenso. Udzaona yachiwiriyo ikutha msanga, kawirikawiri kangapo konse, pamene yankho ndi lomwelo. Chifukwa chake n'chakuti C imasunga matrix mzere ndi mzere, ndiye yachiwiriyo imatola manambala oyandikana amene ali kale mu cache, kamemori kothamanga ka mu purosesa, pamene yoyamba imadumphadumpha mu RAM. Ukamvetsa chimenechi ndi manja ako, wayamba kafukufuku.

Kenako gawa ntchitoyo, poyamba ndi OpenMP, chida chogawira ntchito pa ma core (timagawo towerengera ta purosesa) a kompyuta imodzi, kenako ndi MPI pa makina awiri, kenako anayi. Muyeso uliwonse ubwereze kasanu, ulembe zonse m'kope. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma osenzawo akachuluka nthawi imathera pouzana poponda. Nthawi zina makina anayi adzachedwa kuposa awiri chifukwa deta ikuchedwa m'zingwe. Usabise zotere, ndizo zofunika kuzifotokoza mu lipoti.

Palinso lamulo la Gene Amdahl la mu 1967. Taganiza za njerwa: oumba akachuluka kuumba kumatha msanga, koma uvuni umapsa masiku ake omwewo. Ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a pulogalamu silingagawike, ma core 8 adzachulukitsa liwiro ka 4.7 basi, ndipo ngakhale ma core 1,000 sangafike pa 10.

Magetsi akathima ntchito ya maola asanu ili mkati, zonse zimapita. Pulogalamu yako izisunga pamene yafika mphindi khumi zilizonse, kuti iziyambira pomwepo. Mwezi wa Okutobala puputa fumbi m'mafani, chifukwa purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha ndipo miyeso yako isokonekera.

Funso loti ulifufuze lili pakhomo pomwe. Tidaona zimene namondwe Freddy adachita mu Malichi 2023, ndipo nyanja ya Chilwa imaphwa ndi kudzaza ife tikuona. Pulogalamu yolosera nyengo ngati WRF imadula dziko m'timabokosi. Ukachepetsa kabokosi kuchoka pa makilomita 10 kufika pa 5 kuti phiri la Zomba lioneke bwino, ntchito imakula pafupifupi kasanu ndi katatu. Dziko lino likusowa anthu odziwa kuyendetsa zoterezi.

Ndi pulojekiti yotere pa GitHub, tsamba la pa intaneti loonetserapo mapulogalamu, ndi kalata yabwino ya mphunzitsi amene adakuyang'anira, njira ya masters imatseguka. AIMS, sukulu ya masamu imene idayamba mu 2003 ku Muizenberg ku South Africa ndipo ilinso ku Rwanda, Ghana, Senegal ndi Cameroon, imapereka masters ya chaka chimodzi yolipiridwa zonse, koma imayang'anitsitsa masamu omwe aja. Ku Trieste ku Italy, mabungwe a sayansi a ICTP ndi SISSA ali ndi masters ya high performance computing yeniyeniyo. Ku Cape Town kuli CHPC, likulu la high performance computing, ndi makina awo a Lengau a mu 2016, ndipo ophunzira a digiri yoyamba a ku South Africa adapambana mpikisano wa ma cluster, makompyuta olumikizidwa ngati ako anayi aja, ku Germany mu 2013, 2014, 2016 ndi 2019. PhD imabwera pambuyo pa zimenezi.

Inu bambo, ndi makolo anzanu onse, ndikudziwa kuti fizi idakupwetekani ndipo pali ang'ono ake akudikira. Koma lekani kusankhira mwana ntchito chifukwa choti mudaona mwana wa aneba atavala yunifomu ya ku banki. Kumuuza kuti masters n'kutaya nthawi musanafunse n'komwe chimene akuphunzira, n'kumudula miyendo. Luso la Linux ndi ma seva limene apeze pa pulojekitiyi ndi lomwenso mabanki ndi makampani a mafoni amalifuna. Akalephera kupeza scholarship, ntchito yanu ija aipezabe ali ndi luso lochuluka. Mpatseni zaka ziwiri.

Iwe, sindikulonjeza kuti zitheka, chifukwa malikisi akowo ali ndi ntchito. Koma pa chaka chachitatu nthawi ikadalipo. Lolemba likubwerali pita kwa mphunzitsi wako wa operating systems ukapemphe makompyuta aja, utatenga kale pulogalamu ya matrix ndi nthawi ziwiri zimene wayesa.