Kodi PlayStation 5 Pro ndi makina "atsopano" kapena "okonzedwanso"?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndikulemba nkhani ya momwe makampani amatsatsira makina a magemu. PlayStation 5 Pro ndiitchule kuti makina atsopano kapena okonzedwanso? Nanga aja amene amagula makina okwera mtengowa ndiwatchule kuti akatswiri?"

"Okonzedwanso" asiyeni. Munthu akamva mawu amenewa amaganiza za chinthu chimene chinawonongeka, mmisiri n'kuchitsegula, n'kuchibwezeretsa mwakale. "Atsopano" si bodza, koma akubisa mfundo yeniyeni. PlayStation 5 Pro (mwachidule PS5 Pro), imene kampani ya Sony inatulutsa mu Novembala 2024, imasewera magemu omwewo a PS5 ya 2020. Chimene chinasintha n'chakuti zithunzi zimaoneka bwino, zimayenda mosadodoma, ndipo malo osungira magemu anafika pa 2TB. Choncho lembani kuti "makina owonjezeredwa mphamvu". Samalani ndi kachidutswa ka -dwa. Mukalemba "owonjezera mphamvu" ndiye kuti makinawo ndi amene akupatsa wosewera nyonga, ngati chakumwa.

Pa "akatswiri" mpamene ambiri amaphonya. Katswiri ndi munthu waluso, pomwe kampani sifunsa ngati mumapambana kapena mumangogonja. Imafuna munthu amene magemu anamulowerera, woti angatulutse madola 699 (mtengo wa mu 2024) pa makina opanda ngakhale polowetsa disiki, chipangizo cholowetsera disikicho n'kukagula padera. Ameneyu mutchuleni "wokonda magemu kwambiri" kapena "wokonda magemu kwadzaoneni". Wogula winayo, amene magemu sanamulowerere, ndi "wosewera mwa apo ndi apo". Ena amalemba "ongoseweretsa", koma kuseweretsa chinthu ndi kusachisamala, ndiye mwanyoza wogula wosalakwa.

Anthu awiriwa makampani amawayankhula mosiyana, ndipo nkhani yanu ionetse zimenezo. Mu 2016 Sony inatulutsa PS4 Slim ya madola 299 ndi PS4 Pro ya madola 399. Microsoft nayo mu 2020 inabwera ndi Xbox Series S pa madola 299, Series X pa madola 499. Wa apo ndi apo amamukopa ndi mtengo wotsika komanso kuchepa kwa makinawo, kuti akwana paliponse. Wokonda kwambiriyo amamuthira manambala: 4K (muyezo wa kuoneka bwino kwa zithunzi), mafulemu 60 pa sekondi (kuchuluka kwa zithunzi zodutsa pa sekondi imodzi), zithunzi ziwiri zoyandikana zoti aone yekha kusiyana kwake. Kunena zoona, pa wailesi yakanema yaing'ono kusiyanako kumachita kufuna kutsinzinira, koma otsatsa sanena zimenezo.

Mayina oti Pro, Slim ndi Series musawatembenuze, ndi mayina a katundu. Kugwirizana kwa mawu kokha ndiko muyang'anire: "PS5 Pro ndi yodula", koma "makinawa ndi odula".