Mwana akukana kubwerera ku sukulu yogonera

Mayi wina walemba kuti: "Mwana wanga wamwamuna anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Ku pulayimale sankatsika pa nambala 2. Teremu yoyamba wakhala kumapeto, wabwera ataonda, sakulankhula, ndipo akuti sabwererako. Bambo ake akuti ndi ulesi, tim'pezere mphunzitsi wa part-time. Ife tikufuna adzakhale dokotala. Titani?"

Mayi, makalata ngati anuwa amabwera teremu yoyamba iliyonse ikatha, ndipo pafupifupi onse amathera pa part-time. Ndalamayo isungeni kaye. Mwana amene anakhoza mayeso a Sitandade 8 mpaka kusankhidwa sangathe nzeru m'miyezi itatu. Komanso ulesi suondetsa munthu. Chilipo chikumudya, ndipo ine ndikukayikira kuhositelo.

M'sukulu zambiri zogonera kutiza kudakalipo ngakhale malamulo amaletsa. Wa Fomu 1 amachapa zovala za akuluakulu, kuwatungira madzi osamba m'mbandakucha, kulandidwa shuga, sopo ndi chiponde chimene munam'pakira, ndipo tsiku la nyama amadya nsima ndi msuzi wokha. Magetsi akazima, ena amagwaditsidwa pasimenti mpaka usiku. M'mawa mwake mwanayo akusinza m'kalasi, mphunzitsi n'kulemba kuti salimbikira. Saulula chifukwa akudziwa kuti woulula amalangidwa kawiri.

Ndiye bambo akewo, asanamunene ulesi, anam'funsapo kuti amagona bwanji? Zimandikwiyitsa kuti makolo ambiri, mwana asanatule n'komwe chikwama, funso ndi lakuti "wakhala nambala chani?" Mwana amaona msanga kuti pakhomo pofunika ndi lipoti, ndiye zinazo amangomeza.

Mufunseni muli awiri, manja ali pantchito, kaya mukusenda mtedza kapena mukupita kuchigayo. Mafunso akhale ang'onoang'ono: amagona pafupi ndi ndani, loko wa sutikesi yake ali kuti, amadzuka nthawi yanji ndipo amam'dzutsa ndani. Akayamba kulankhula musam'dule, ndipo musanene kuti "nafenso tinadutsa momwemo."

Tsiku lotsegulira musangom'kweza minibasi. Pitani naye. Onanani ndi mphunzitsi wa kalasi yake, kenako boarding master, ndipo funsani ngati pali mphunzitsi amene anapatsidwa udindo wa uphungu. Sukulu zambiri zili naye, kungoti amakhalanso ndi makalasi ake odzaza, choncho sangadziwe za mwana wanu mukapanda kum'fikira. Pemphani zinthu zogwirika: am'sinthe chipinda, pakhale wamkulu woyendera hositelo usiku, ndipo nkhaniyi isalengezedwe pa asembule ndi dzina lake. Tengani nambala ya mphunzitsiyo, muziimba pakatha milungu iwiri iliyonse. Mukaona kuti akungokuzungulitsani, pitani kwa ahedi, ndipo ku msonkhano wa PTA mukaiyambitse. Mudzapeza kuti si inu nokha.

Ngati ali ndi mabala, kapena wanena kuti wina anam'gwira thupi mosayenera, imeneyo yapitirira sukulu. Pitani naye kuchipatala, kenako ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi ya Social Welfare pa boma. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi yaulere, naye angathe kuimba yekha. Akatchula zofuna kufa, musati n'chibwana. Tsiku lomwelo akaonedwe kuchipatala cha boma, kapena ku St John of God, chipatala cha matenda a maganizo, ngati muli pafupi ndi Mzuzu kapena Lilongwe.

Za udokotala ndinene mosabisa. M'kalasi mwakemo pafupifupi aliyense anali nambala 1 kwawo, ndiye iwalani za kuti azikhala patsogolo teremu iliyonse. Malo ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa udokotala, ndi ochepa, ndipo amalowa ndi amene akhoza kwambiri sayansi pa MSCE. Mwina adzafika, mwina ayi. Koma kumukumbutsa za udokotala tsiku lililonse, iye akuopa kugona, n'kumusenzetsa katundu wachiwiri.

Mwana wanu wachita chinthu chimodzi chabwino: wakana poyera m'malo mothawa mwakachetechete. Woteroyo amathandizika. Ipatseni sukuluyo teremu imodzi mukutsatira. Zikapanda kusintha, funsani za transifa, ngakhale ikhale ya ku CDSS yapafupi kumene azidzagona pakhomo, ndipo abambo ake muwauze zimenezi lero lomwe kuti asadzadabwe.