Sienta ikukana kulira m'mawa: sitata musaigule kaye

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chitakale, mphunzitsi. Ndinawapempha kuti ndiwayankhire pano, poti funso lawo ndi lomwe lija limabwera chaka ndi chaka chiperoni chikangoyamba kutsika m'phiri. Moni ndi zina ndadula, koma nkhani yawo ndi iyi:

"Bambo, ndili ndi Sienta ya otomatiki imene bambo a kunyumba anandisiyira popita ku Joni. Kuyambira mwezi wa Juni yayamba kukana kulira m'mawa. Ndikapotokola kiyi imangoti tetetete, magetsi a pa dashibodi n'kumaphethira. Dzuwa likakwera, cha m'ma 10 koloko, nthawi zina imalira bwinobwino. Batire ndinagula latsopano mu Febuluwale. Amakanika akuti sitata yafa, ndigule ina. Ndigule?"

Mayi, ndalamayo isungeni kaye. Mwachita bwino kundiuza kaliridwe kake, chifukwa ambiri amangolemba kuti "galimoto yafa", ngati kuti magalimoto onse amafa imfa imodzi. Tetetete ameneyo akutiuza zambiri, ndipo sakuloza sitata.

Pamwamba pa sitata pamakhala kachitini kozungulira, amakanika amakatchula kuti solenoid. Mukapotokola kiyi, kameneka kamakankha giya yaing'ono ya sitata kuti ikalumane ndi mano a flywheel, chigudumu chachitsulo chozunguza injini, ndipo nthawi yomweyo kamatsegulira moto waukulu wochokera ku batire. Sitata ya injini yaing'ono ngati yanuyo imameza ma ampu opitirira 100 pa kamphindi komweko. Wailesi ndi magetsi a pa dashibodi zimangonyambita pang'ono, n'chifukwa chake zimayaka ngakhale batire litafooka, anthu n'kumati "moto ulimo, onani wailesi ikulira". Tsono moto ukakhala woperewera, solenoid imakoka, sitata ikangoti imeze, mphamvu imagwa, solenoid imataya, mphamvu ikabwerera imakokanso. Kukoka ndi kutaya kumeneko, kangapo pa sekondi imodzi, ndiye tetetete mukumumvayo, ndipo magetsi akuphethira pa chifukwa chomwecho. Sitata yanu ili ndi njala chabe.

Mudzati nanga batire si latsopano? Inde, ndipo n'chifukwa chake ndikukayikira zinthu ziwiri: mwina moto ulimo koma ukulephera kudutsa, kapena batirelo silikudzazidwa. Zoti imakana m'mawa n'kulola masana zikugwirizana ndi zonse ziwiri. Kukazizira batire limapereka mphamvu yochepa, oilo amalimba ndiye injini imalemera kuizunguza, ndipo chinyontho cha chiperoni chimalowa paliponse pamene pali dzimbiri. Kuzizira kwa kuno kwathu sikuti kungaphe batire labwino, koma kumaulula chimene chinali chofooka kale. Mu Okutobala vuto lomwelo likanabisala.

Yambani ndi chimene sichifuna ndalama. Mawa m'mawa tsegulani boneti muyang'ane mitu iwiri ya batire, ija amakanika amati matemino. Gwirani chomangira chilichonse ndi dzanja muyese kuchipotoza. Chikangosuntha, ngakhale pang'ono, mwapeza wakuba wanu. Onaninso ngati pali ufa woyera kapena wobiriwira, wonga ndere, umene wamera pamutupo. Ufa umenewo sulola moto kudutsa. Ndipo izi zimachitika kwambiri batire likangosinthidwa: mnyamata wa pashopu amamanga mothamanga, kapena mitu ya batire latsopano imakhala yoonda kuposa chomangira chakale. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi zomangira za mitu yaing'ono, pamene mabatire ena ogulitsidwa kuno ali ndi mitu yaikulu, ndiye munthu amakanula chomangira ndi sikuludiraiva, kuchimenya ndi sipanala kuti chilowe. Ndaonapo msomali utakhomedwa pakati, ndaonaponso kachidutswa ka chitini cha zakumwa katapindidwa. Zimagwira mwezi umodzi kapena iwiri, kenako tetetete.

Kutsuka kwake n'kosavuta. Thimitsani zonse, chotsani kiyi, masulani mutu wa minus poyamba, kenako wa plus. Sipanala yake kawirikawiri ndi nambala 10. Sungunulani supuni ya soda, yomwe ija timathira m'therere, m'kapu ya madzi ofunda, thirani pa ufawo. Muona ukuchita thovu. Palani mutu ndi m'kati mwa chomangira ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, pukutani ziume, bwezerani plus poyamba, minus pomaliza, mangani zolimba, kenako pakani Vaseline kapena girisi pamwamba. Madzi a sodawo asalowe m'mabowo a batire, ndipo mphete ya kuchala muvule musanayambe. Sipanala ikakhudza plus ndi chitsulo cha galimoto nthawi imodzi, moto wake si wamasewera.

Chenjezo limodzi kwa inu a Sienta ndi anzanu a Vitz, Passo ndi Note: mawailesi ena a ku Japan aja olankhula okha akangodulidwa moto amafuna nambala yachinsinsi kapena kakhadi kake ka mapu, ndipo popanda zimenezo amangoonetsa zilembo za Chijapani mpaka kalekale. Kwanu vuto limenelo kulibe ngati wailesi inayakanso bwino mutasintha batire mu Febuluwale.

Mitu ikakhala yabwino, tsatani waya wonenepa wakuda wochoka ku minus. Umakamangidwa ku thupi la galimoto, ndipo pali winanso wolumikiza thupi ndi injini. Ameneyu ndi waya wa earth, ndipo ndi amene anandichititsa manyazi ine. Zaka zapitazo ndinali ndi ka Corolla, ndikuchokera ku maliro ku Thekerani, mvula ikuwaza. Ndinaima pa Makwasa kugula nthochi, pobwerera kagalimoto kakana. Tetetete. Tinakankha kanalira, poti kanali ka manyuwo. M'mawa mwake ndinapita ku Limbe kukagula batire, ine amene ndimadzitcha wodziwa magalimoto. Patangopita masiku atatu kanakananso, batire lili latsopano. Mkulu wina wa pagalaja ku Luchenza sanafunse zambiri. Anatenga chingwe chojampira chimodzi, mbali ina anamanga ku minus ya batire, inayo pa chitsulo cha injini, anati lizani. Kanalira kamodzi n'kamodzi. Titasuzumira pansi tinapeza waya wa earth watsala ndi tinsinga titatu, tina tonse tadyeka ndi dzimbiri pafupi ndi bawuti. Batire langa lakale linalibe mlandu, ndipo ndinali nditalisiya kale kushopu. Njira ya mkuluyo inunso mukhoza kuiyesa, kapena kuwauza amakanika anu aiyese inu mukuona.

Tsopano mbali yachiwiri, yoti batire silikudzazidwa. Apa pakufunika multimeter, kamakina koyezera moto kamene aliyense wokonza mafoni kapena masola pa Chitakale ali nako. Yezani m'mawa galimoto isanalire. Batire lodzaza limaonetsa ma voti 12.6 kapena pafupi. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo likatsika pansi pa 12 latsala pang'ono kutheratu. Wina apotokole kiyi inu mukuyang'ana: nambala ikagwa pansi pa 9.6, batire lafooka. Koma ikangokhala pamwamba pa 12 galimoto ikuchita tetetete, ndiye kuti moto ulimo, njira ndiyo yatsekeka, bwererani ku mitu ndi earth. Injini ikalira yezaninso. Muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.5. Mukaona 12 ndi kanthu injini ikuyenda, alternator, makina amene amatchaja batire injini ikamalira, sikudzaza, kapena lamba wake wakhwepa. Lamba wokhwepa amadziulula yekha, amalira tswiii m'mawa mukangoliza.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Wina akakuuzani kuti ayese alternator pochotsa mutu wa batire injini ikulira, mukanizeni. Njira imeneyo inkagwira pa magalimoto akale opanda kompyuta. Pa Sienta ikhoza kutentha kompyuta ya injini, ndipo mtengo wake mudzaiwala za sitata.

Mwina alternator ili bwino koma kayendedwe kanu ndiko kakupha batire. Ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku ndi wochoka pa Chitakale kufika pa Boma n'kubwerera, magetsi oyatsa chifukwa cha nkhungu, mawaipa akuyenda, hita ikupemerera galasi, moto umene sitata yatenga subwerera wonse. Tsiku lililonse batire limatsala ndi ngongole. Mafuta akamasowa ambiri timachepetsa maulendo, galimoto imakhala masiku anayi itaima. Batire limene lafooka chonchi litengeni akalitchaje usiku wonse pa tchaja, kenako kamodzi pa sabata muziiyendetsako mtunda, ngakhale kufika pa Luchenza kapena ku Limbuli n'kubwerera. Ngati ndi batire lokhala ndi zotsekera pamwamba, onani madzi, ndipo muzithira madzi a batire okha, osati a pampopi kapena asidi.

Palinso akuba a usiku: alamu yoikidwa kuno, tracker (kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili), wailesi yolumikizidwa molakwika, kagetsi ka kubuti kosazima. Kuwagwira kwake, masulani minus madzulo, m'mawa mubwezere. Ikalira bwino masiku atatu otsatizana, pali chimene chimayamwa moto usiku, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wamagetsi a galimoto. Zonsezi zikakhala bwino koma batire likugwabe, lisiti la mu Febuluwale lija lifunefuneni, mukabweze. Batire latsopano nalo limatha kubwera ndi selo yakufa.

Amakanika anu sindikuwanyoza. Sitata imafadi, koma kulira kwake n'kwina. Yatsani magetsi akutsogolo moyang'ana khoma, mupotokole kiyi. Magetsi akazilala kapena kuzimiratu, nkhani ndi ya moto. Akakhalabe owala, inu n'kumva "kha" kamodzi kokha, ndiye tiyang'ane sitata. Wina akaigogoda pang'ono ndi sipanala ya matayala inu mukupotokola kiyi, n'kulira, umboni wakwana. Ngakhale pamenepo, kugula sitata yonse si koyamba. Masitata a Denso amene ali m'ma Toyota ambiri amakonda kudyeka timikuwa tiwiri ta m'kati mwa solenoid, kapena mabulashi. Zimenezi zimagulidwa pazokha, ndipo sitata yoyambirira yokonzedwa bwino ndimaikhulupirira kuposa zotchipa zina zonyezimira zimene zadzaza m'mashopu.

Kwa ena owerenga amene galimoto yawo ikukana mwa mtundu wina, ndidutse mwachangu. Ikangoti zii, osamveka kanthu koma magetsi akuyaka, ndipo ndi otomatiki, gwedezani giya ikhazikike bwino pa P, kapena pondani buleki muyese pa N. Za batani zija zimafuna buleki yopondedwa zolimba, ndipo kabatire ka m'kiyi kakatha, gunditsani kiyiyo pa batani pomwepo mukuliza. Ma hybrid ngati Aqua alinso ndi batire laling'ono la ma voti 12, lobisika pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo likafooka kagetsi ka READY ka pa dashibodi sikayaka ngakhale batire lalikulu lili bwino.

Ikamazungulira bwinobwino koma osagwira, batire ndi sitata zisiyeni, ganizani za mafuta ndi moto wa mapulagi. Geji imanama, makamaka galimoto ikaima pamtsetse, ndipo kuno mitsetse sisowa. Kuyenda ndi thanki youma kumapha pampu, chifukwa petulo ndi amene amaiziziritsa. Ngati vuto layamba mutangothira petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, mukayikireni ameneyo poyamba, madzi ndi zinyalala zimalowera momwemo. Onaninso fyuzi yolembedwa EFI. Musazunguze kupitirira masekondi 10, pumulani kaye musanayesenso. Ndipo galimoto imene yazimira m'madzi, monga zinachitikira ambiri nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, musaiyese n'komwe kuiliza mapulagi asanachotsedwe. Madzi m'silinda sapanikizika, chimene chimapindika ndi zitsulo za injini.

Tibwerere kwa inu, mayi. Sienta yanu ndi otomatiki, ndiye ana asukulu musawavutitse ndi kukankha, siingalire. Ikakukanirani muli pa changu, jampani: chingwe chofiira ku plus ya batire lanu, mbali inayo ku plus ya galimoto yothandiza, chakuda ku minus ya yothandizayo, ndipo mbali yomaliza pa chitsulo cha injini yanu, patali ndi batire. Yothandizayo ilire kwa mphindi zisanu musanayese yanu. Pochotsa yambani ndi chimene munamaliza nacho. Ikalira msanga ndi zingwe, amakanika anu muwafunse mwaulemu kuti sitata yakufa yalira bwanji.

Loweruka likubwerali tsukani mitu ija, muone earth, kenako mundilembere manambala atatu: m'mawa isanalire, pamene mukupotokola kiyi, ndi injini ikuyenda. Mundiuzenso ngati bambo anaikitsa alamu kapena tracker asanapite ku Joni.