Funsani za Chingerezi: mawu akuti "cathartic"

FUNSO: A Mkonzi, mnzanga wa kuntchito anabwera kuchokera ku maliro a bambo ake ku Chipata. Titamupepesa anati, "I cried the whole night and it was cathartic." Ndinangogwedeza mutu koma sindinamve. Ena ndimawaona akulemba mawu omwewa pa Facebook akapita kokapuma ku Siavonga. Kodi amanena za chisoni kapena za chisangalalo? — Mayi wa ku Chilenje

YANKHO: Amayi, mnzanuyo analankhula bwino. Amene akuphonya ndi a ku Siavonga aja.

Chinthu chimatchedwa cathartic ngati chakhuthula zimene zinaunjikana mumtima, monga chisoni, mkwiyo, mantha kapena manyazi, munthu n'kupepukidwa. Pamafunika zinthu zitatu, ndipo zimabwera motsatana. Poyamba pakhale cholemetsa chimene munthu wakhala akusunga. Kenako chituluke, kaya polira, polankhula zakukhosi, polemba kalata, poimba kapena pofuula. Pomaliza mtima ukhale m'malo. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, sankhani mawu ena. Zili ngati chithupsa chikamaphulika: pa nthawiyo zimawawa, koma usiku umenewo munthu amagona tulo.

N'chifukwa chake kukhala m'mbali mwa nyanja ya Kariba n'kumadya nsomba si cathartic. Pamenepo nenani kuti "it was relaxing". Mukakolopa nyumba yonse n'kuiona ili mbee, mawu ake ndi "satisfying". Ntchito imene imakukhazikani mtima pansi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, monga kuthirira ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba, ndi "therapeutic". Koma mayi amene akulongedza zovala za malemu mwamuna wake, akugwira malaya amodziamodzi misozi ili mbwembwembwe, atha kunena kuti "it was cathartic", pakuti si zovala zokha zimene zikutuluka m'nyumbamo.

Chitsanzo chimene aliyense muno mu Lusaka angachimve ndi cha mpira. Pa 27 April 1993 ndege imene inanyamula timu ya dziko lathu kupita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, 18 mwa iwo osewera, ndipo anaikidwa pafupi ndi Independence Stadium. Pa 12 February 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast 8–7 pa mapenate n'kutenga chikho cha Africa. Stoppila Sunzu atamwetsa penate yomaliza, anthu ambiri sanangovina ayi, analiranso. Kupambana wamba timati "exciting". Uku kunali cathartic chifukwa chisoni cha zaka pafupifupi 19 chinapeza potulukira.

Mawuwa anachokera ku Chigiriki, katharsis, kutanthauza kuyeretsa kapena kutsuka. Aristotle, katswiri wa nzeru wa ku Girisi wakale, m'buku lake la Poetics, ananena kuti sewero lomvetsa chisoni limadzutsa chifundo ndi mantha mwa oonera n'kuwatsuka. Mu 1895 madokotala Josef Breuer ndi Sigmund Freud analemba za njira yothandizira odwala powalola kufotokoza zowawa zimene anazikwirira, ndipo anaitcha cathartic method. Lero ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ngakhale amamveka a munthu wowerenga.

FUNSO: M'chimangirizo ndinalemba kuti "After telling my mother the truth, I was cathartic." Aphunzitsi anadula mzere wofiira osafotokoza. Ndinalakwitsa pati? — Wophunzira Giredi 12, Matero

YANKHO: Ganizo lako linali lolondola, mwanawe, chinalakwika ndi pamene unawaika mawuwo. Cathartic amafotokoza chochitikacho, osati munthu. Kuulula ndi kumene kuli cathartic, iweyo uli "relieved". Ukanalemba chimodzi mwa izi: "Telling my mother the truth was cathartic", "I found it cathartic to tell my mother the truth", kapena "It was a cathartic moment for me". Ukafuna dzina la chinthucho, ndi catharsis: "a sense of catharsis". Samala kalembedwe, chifukwa ambiri amasakaniza awiriwa n'kulemba "catharsic" kapena "carthatic", zimene kulibe. Chilembo cha r chimabwera pambuyo pa tha.

Potchula, mphamvu ikhale pakati: ka-THAR-tik. Ife tinazolowera th wa "thupi" ndi "thumba", koma uyu ndi wa "think", nsonga ya lilime ili pakati pa mano, mpweya n'kumatuluka. Ndipo pa mayeso usawabwereze kawiri katatu m'chimangirizo chimodzi. Kamodzi, pamalo oyenera, n'kokwanira.

FUNSO: Ndinaona mawu akuti cathartic m'buku la mwana wanga amene akuphunzira unamwino, pa mutu wa mankhwala a m'mimba. Ndi omwewa? Komanso mlamu wanga amati kuswa mbale akakwiya ndi cathartic. Zoona? — Bambo wa ku Kabwata

YANKHO: Ndi omwewo, bambo, ndipo tanthauzo la kuchipatalali ndi lakale ndithu m'Chingerezi. Kumeneko "a cathartic" ndi mankhwala amphamvu otsegula m'mimba, monga mafuta a nsatsi ndi Epsom salts, amene dzina lake lina ndi magnesium sulphate. Munthu wodzimbidwa akapita ku famase anene "laxative", ndiwo mawu amene wogulitsa amamva tsiku lililonse. Mankhwala amphamvuwa si omwa mwachisawawa: amatha madzi ndi mchere m'thupi, makamaka mwa ana ndi okalamba, ndipo mayi woyembekezera asamwe mafuta a nsatsi popanda dokotala.

Za alamu anuwo, n'zoona kuti olankhula Chingerezi amanena choncho akamenya chinthu kapena kukalipa, koma tikuchenjezeni. Kupepukidwa kwa mphindi zochepa sikutanthauza kuti mkwiyo watha. Katswiri wa maganizo Brad Bushman anaonetsa mu kafukufuku wa mu 2002 kuti anthu amene anamenya thumba la ankhonya akuganizira munthu amene anawakwiyitsa anatsala okwiya kwambiri kuposa amene anangokhala phee. Choncho mbale zikasweka, ana akubisala kuchipinda, mawa n'kuyambiranso, mbali yachitatu ija, ya mtima kukhala m'malo, palibe. Alamu anuwo akhale pansi ndi ankhoswe, abusa kapena mlangizi wa pa kiliniki, anene chimene chikuwadya.