Kalembera angatiuze midzi yoyambira kulandira malata?

Achimwene, mwafunsa ngati kalembera angathandize komiti yanu kusankha midzi yoyamba kulandira malata kuno ku Nkhotakota. Angathandize ndithu, koma chiwerengero cha boma lonse la Nkhotakota chimabisa zambiri. Pemphani ku khonsolo kapena ku NSO (ofesi ya boma yoona za ziwerengero) ku Zomba ziwerengero za kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 za T/A aliyense, kukatheka ngakhale za timadera tomwe wolemba kalembera mmodzi ankayendamo. M'menemo muona komwe kwachuluka nyumba zofolera udzu, za zidina zosawotcha, zopanda chimbudzi.

Kungoti 2018 ndi kale. Madzi osefukira a 2024 kwa Kanyenda anagwetsa nyumba zomwe kalemberayo anazipeza zili chilili. Mayina a mabanja simuwapezamo, ndi chinsinsi. Amenewo mukatsimikize ndi a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi) komanso anyakwawa, khomo ndi khomo.