Zotsatira za ku labu siziwerengedwa kawiri

Mayi wina wa kwathu ku Malawi, yemwe wangoyamba kumene ntchito yoika makodi (manambala oimira matenda ndi chithandizo pa bilu yopita ku inshuwalansi) pa kiliniki ina ku America, wandilembera imelo. Akuti: "Adokotala athu anatumiza wodwala shuga kukayezetsa magazi: CBC, CMP ndi HbA1c. Patatha milungu iwiri anabweranso, adokotala n'kuona zotsatira zonse zitatu. Kodi ndingaziwerenge pa ulendo wachiwiriwu kuti ndifike pa 99214?" (CBC imayeza maselo a m'magazi, CMP imayeza shuga, mchere wa m'magazi, impso ndi chiwindi, ndipo HbA1c imaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi ingapo. 99214 ndi kodi yolipiritsira ulendo wa wodwala wobwereza pamene ntchito ya dokotala yafika pa mlingo wapakati, ndipo kuchuluka kwa zoyeza kumathandiza kufika pa mlingowo.)

Achemwali, ayi. Zitatuzo munaziwerenga kale tsiku lomwe adokotala analamula kuti magazi ayezedwe. Kuyambira mu 2021, pomwe bungwe la American Medical Association linasintha malamulo a makodi a maulendo a ku kiliniki, 99202 mpaka 99215, kulamula kuyeza ndi kuona zotsatira zake zimatengedwa ngati chinthu chimodzi. Wolamula kuyeza magazi amayenera kudzaona zomwe zatuluka, ndiye sangalipitse inshuwalansi kawiri. Ngakhale zotsatirazo aone dokotala mnzake wa gulu lomwelo ndiponso wa ukadaulo womwewo, lamulo ndi lomwelo.

Pali pomwe mungaziwerenge. Wodwala akabwera ndi pepala lochokera kwa dokotala wakwina, adokotala anu n'kuliona ndi kuligwiritsa ntchito posankha chochita, zimenezo zimalowa m'chiwerengero. Chimodzimodzinso ngati kuyezako kunalamulidwa wodwala asanafike, monga pa foni, kopanda ulendo wolipiritsa: zimawerengedwa tsiku lomwe zaunikidwa.

Samalaninso ndi CMP. Pa pepala pamatuluka mizere 14, shuga, potaziyamu, za impso, za chiwindi ndi zina zotero, moti ongoyamba kumene amasangalala kuti apeza zambiri. Komatu kodi yake ndi imodzi, 80053, ndiye iwerengedwa kamodzi basi.

Koma musataye mtima, chifukwa 99214 mwina ilipo ndithu, mwangoisaka pakhomo polakwika. Zoyezera ntchito ya dokotala zilipo zitatu: kukula kwa vuto la wodwala, kuchuluka kwa zomwe waunika, ndi chiopsezo cha chithandizo chomwe wasankha. Kuti 99214 ipezeke, zimafunika kuti ziwiri mwa zitatuzi zifike pa mlingo wapakati. Tiyerekeze kuti HbA1c yatuluka 8.9, adokotala n'kulemba kuti shuga sanatsike kufika pomwe ankafuna, ndipo awonjezera mlingo wa metformin, mankhwala a shuga. Apo vuto lafika pa mlingo wapakati, chifukwa ndi matenda okhalitsa omwe sakukhazikika, ndipo kusintha mankhwala olembedwa ndi dokotala nakonso n'kwapakati. Ziwiri zakwana, osakhudza n'komwe za ku labu zija.

Zonsezi zikudalira zomwe adokotala alemba, ndipo apa ndi pomwe ine ndimalimbana nawo. Ambiri amangolemba kuti "labs reviewed", mawu awiri otanthauza kuti aona zotsatira za ku labu, n'kutseka faelo. Zimandikumbutsa kabuku ka kuchipatala ka kwathu kaja, momwe a kiliniko amangolemba kuti malungo apezeka, LA, n'kusaina, mzere uli mpaka panja. Kwathu zimatheka chifukwa m'zipatala za boma palibe wodzafunsa za bilu. Ku America wofufuza wa inshuwalansi adzafuna kuona kuti anayeza chiyani, chinatuluka n'chiyani, ndipo adokotala anachita nacho chiyani. Chiganizo chimodzi chokha chimakwanira.

Chomaliza, chomwe simunafunse. Mukaona potaziyamu ali pa 3.1, dzanja limayabwa kuti muike E87.6, kodi ya kuchepa kwa potaziyamu ya mu ICD-10-CM, mndandanda wa makodi a matenda. Musatero. Inu simutchula matenda poona nambala, ngakhale pambali pake pali chizindikiro chofiira cha ku labu. Atumizireni adokotala funso lolemba, losawauza yankho lomwe mukufuna, monga lakuti: "Potaziyamu watuluka 3.1 ndipo mwapereka mankhwala owonjezera potaziyamu. Kodi pali vuto lomwe mukuchiza?" Akayankha n'kulemba m'faelo, ikani kodiyo. Akapanda kuyankha, isiyeni, ndipo mawa muwakumbutsenso.