Mwezi woyenera kutsikira ku Durban kwa wamalonda wochokera ku Joni

Alamu, mwandifunsa kuti popeza mwangoyamba kumene malonda odutsa m'malire, ndi mwezi uti woyenera kuti mupite ku Durban kukapikula katundu, komanso kuti mukaoneko nyanja yamchere imene simunaionepo. Yankho langa ndi lakuti mupite pakati pa Meyi ndi Ogasiti, koma ndiyenera kulongosola chifukwa chake, pakuti anzathu ambiri kuno ku Johannesburg amayesa kuti nyengo ya kuno ndi ya ku Durban ndi imodzi poti dziko ndi limodzi.

Mzinda tikukhalawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, n'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi timadzuka udzu utayera ndi chisanu, zala zikukanika kumanga chingwe cha chikwama pa siteshoni ya mabasi ya Park Station. Durban ili m'munsi pagombe, makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3, ndipo madzi ofunda a Agulhas amene amayenda m'mbali mwa gombelo kuchokera cha ku Mozambique amachititsa kuti kuzizira kusafike pamenepo. M'miyezi imeneyi masana kumafunda madigiri 22 kapena 23, mvula imakhala yochepa, ndipo munthu amene wakwera basi usiku atavala majuzi awiri amatsika m'mawa akufunafuna poika juzi. Mutha kuyenda tsiku lonse m'masitolo a nsalu a mu Dr Yusuf Dadoo Street, umene akale amautchulabe kuti Grey Street, mpaka ku Victoria Street Market kumene kuli zokometsera ndiwo za amwenye, osatopa ndi dzuwa.

Dzinja la kumeneko, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndi nkhani ina. Kutentha kwake sikuposa kwa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, koma chinyezi ndicho chimasautsa, chifukwa thukuta siliuma ndipo chovala chimamatirira pamsana ngakhale usiku. Kwa munthu wongokasambira zimenezi n'zopirika, koma kwa ife katundu ndiye amavutika. Chaka china mu Febuluwale ndidasiya makatoni atatu a nsapato zachikopa m'chipinda cha mnzanga pamene ndinkadikira ndalama zolipirira thiransipoti, ndipo patatha milungu itatu ndidapeza makatoni atafewa ngati mkate wonyowa, nsapato zitachita nkhungu yoyera mpaka m'kati, zitsulo za malamba zitayamba dzimbiri. Ndidapukuta imodziimodzi ndi kansalu, koma fungo silidachoke, ndipo ku Limbe ndidazigulitsa pamtengo wongobweza mpamba. Mvula ya kumeneko nayo ikakwiya siichita masewera. Mu Epulo 2022 madzi osefukira adapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, m'mene muli Durban, misewu yolowera kudoko idaonongeka, makontena adakokoloka, ndipo amene ankadikira katundu wa pa sitima adadikira ndithu.

Disembala ndiye mumupewe, ngakhale anzanu akukokeni bwanji. Sukulu zimakhala zatseka, mafakitale ambiri ndi makampani a zomangamanga amatseka chapakati pa mweziwo, ndipo Gauteng yense, chigawo chathu chino cha Johannesburg, amakhamukira kugombe, kotero kuti malo ogona amakwera mtengo, mabasi amadzaza, pamene eni ake a fakitale imene mukufuna kuodako katundu ali kutchuthi. Pobwerera kumudzi mukakumananso ndi mzere wa pa chipata cha Beitbridge cholowera ku Zimbabwe, umene nthawi ya Khirisimasi umatha kukugonekani panjira musanaone n'komwe Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Kumbukirani kuti pasipoti yathu imatipatsa masiku osaposa 30 m'dziko lino, ndipo tsiku lililonse lotayika pamzere likudya masiku omwewo. Sabata ya Pasaka ili ndi vuto lomweli, kungoti ndi lalifupi.

Chimene ndidachedwa kuchimvetsa ine ndi chakuti wamalonda sayang'ana nyengo ya kumene akupita yokha, koma amaiyika pamodzi ndi nyengo ya kumene akukagulitsa. Mabulangete ndi majekete timapikula konkuno ku Joni, ku Dragon City ndi ku China Mall, mu Malichi ndi Epulo, kuti akafike ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuzizira kusanayambe, nthawi imene misika ya fodya yatsegulidwa ndipo anthu akolola, ndalama ili m'manja. Phindu la mabulangetelo ndilo mumatsika nalo ku Durban mu Juni kapena Julayi kukatenga nsalu, makatani ndi zovala za paukwati, chifukwa kwathu maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka m'chilimwe, mvula isanagwe. Mukatero ulendo umodzi umalipirira unzake, ndipo simukhala ndi katundu wogona m'nyumba kudikira nyengo yake.

M'miyezi yabwinoyi mulinso masiku ofunika kuwazemba. Loweruka loyamba la Julayi kumakhala mpikisano wa mahatchi wa Durban July ku Greyville, ndipo mu Juni kumakhala mpikisano wothamanga wa Comrades pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg; masiku amenewo chipinda chotchipa sichipezeka. Msewunso uli ndi zake, pakuti pa Van Reenen, pamene N3 imatsika mapiri a Drakensberg, pamagwa chifunga ndipo nthawi zina chipale chofewa, monga zidachitikira mu Sepitembala 2024 pamene magalimoto adagona pamsewu anthu ali m'kati. Choncho bulangete limodzi ndi kamba wa panjira musazisiye, ngakhale kumene mukupitako kukufunda.

Za kusambira, madzi ake m'nyengo yozizira amakhalabe ofunda ndithu, koma nyanja imeneyi si ya ku Salima kapena ku Mangochi, mafunde ake amakoka miyendo. Muzisamba pakati pa mbendera ziwiri pamene pali opulumutsa anthu, ndipo chikwama cha ndalama ndi pasipoti chitsale kumene mwagona. Mu Juni ndi Julayi kumabwera nsomba zing'onozing'ono zotchedwa sardine, zonga usipa koma zokulirapo, zimene zimatsatidwa ndi nsomba zolusa za shaki, ndipo zikayandikira maukonde otchinga amachotsedwa, kusamba n'kuletsedwa m'magombe ena, makamaka a kummwera. Mukapeza chikwangwani chotero, ingovulani nsapato muyende pamchenga, kenaka mubwerere kukalongedza makatoni anu basi ya madzulo isananyamuke.